Buku la Ndalama za Anthu Ambiri

 Nkhani yathu ya lero ndi ya ndalama. Ndalama zimene munthu ali nazo m'thumba mwake tizisiye, pakuti mwini wace angazidye monga momwe afunira. Zimene tikambe ndi ndalama za anthu ambiri, zija zimene zimaikidwa m'manja mwa munthu mmodzi kuti azisunge.

Ndalama zotere zilipo zambiri pakati panu. Zilipo za kopaletivu, zimene alimi amasonkha kuti atenge feteleza ndi mbeu. Zilipo za mpingo, za komiti ya citsime, za kagulu ka amai kosunga ndalama, ndiponso za sukulu yanu. Nsawa, soya ndi cimanga zikagulitsidwa, mabokosi onsewa amalemera, ndipo ndi pa nthawi yomweyo pamene pamamveka mau aja akuti, "Ndalama zadyedwa." Mau amenewa apasula maubale ambiri. Anthu amene anali kudyera mbale imodzi amaleka kupatsana moni, ndipo caka cotsatira palibenso wofuna kusonkha. Kodi msungicuma anabadi? Nthawi zina anaba. Koma kawiri-kawiri palibe amene angadziwe zoona zace, ngakhale msungicumayo, cifukwa palibe cimene cinalembedwa.

Pamsonkhano wosankha msungicuma akulu amati, "Tiyeni tisankhe munthu wokhulupirika, woopa Mulungu." Amanena zoona. Koma anthu ophunzira a m'mayunivesiti, amene nchito yao ndi kufufuza za kasungidwe ka ndalama ndi kayendetsedwe ka mabungwe, apeza kuti kukhulupirika kwa munthu mmodzi sikukwanira. Ndalama za gulu zimasungika pamene zalembedwa m'buku, ndipo bukulo likuonedwa ndi eni ndalamazo, ndipo pakati pao pali wina wodziwa kuwerengera.

Tiyambe ndi bukulo. M'caka ca 1494, mumzinda wa Venice m'dziko la Italy, mphunzitsi wina wa masamu dzina lace Luca Pacioli anasindikiza buku m'mene anafotokoza njira imene amalonda a kumeneko anali kulembera ndalama zao. Njirayo sanaiyambe ndi iye. Iye anangoilongosola bwino kuti ena aiphunzire. Mfundo yace ndi yapafupi: ndalama iliyonse ili ndi kumene yacokera ndi kumene yapita, ndipo mbali ziwirizi ziyenera kulembedwa ndi kulingana. Mabanki ndi makampani aakulu a dziko lonse amatsata mfundo yomweyi kufikira lero.

Kuti timvetse, tiyeni tipite kumunda wa sukulu. Aphunzitsi acikulire akukumbukira kuti m'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti masukulu azikhala ndi nchito zopanga cuma, monga minda ndi makola a ziweto. Tsono tiyerekeze kuti makolo a pa sukulu yanu abwereka kalasi la Giredi 7 ndalama zokwana K600 kuti lilime nsawa. Tengani pensulo mutsate. Mwagula mbeu ya K250, makasu awiri a K150, ndi masaka a K50. Zonse pamodzi ndi K450, cotero m'bokosi mwatsala K150. Mvula yagwa bwino, mwapalira, mwakumba, mwatongola, ndipo mwapeza matumba anai. Thumba lililonse mwagulitsa pa K400. Anthu atatu alipira pomwepo, koma wacinai watenga thumba lace pa nkhongole. M'bokosi mwalowa K1,200. Mukaphatikiza ndi K150 ija, muyenera kukhala K1,350.

Mwatsegula bokosi, mwawerenga, ndipo mwapeza K1,290. Pasowa K60. Apa ndi pamene milandu imabadwira. Popanda buku, maso onse atembenukira kwa mwana kapena mphunzitsi amene anasunga kiyi. Koma popeza buku lilipo, mudziwa kuti cosowa ndi K60 yeni-yeni, osati "ndalama zambiri" monga anenera amiseche, ndipo mudziwanso kuti yasowa pakati pa tsiku lakuti ndi tsiku lakuti. Mukufunsana, wina akumbukira kuti mwini ngolo imene inatuta nsawa kumunda anapatsidwa K60, koma palibe analemba. Mulemba, mwini ngolo asaina, mlandu watha. Taonani kuti buku lija lachinjiriza wosunga kiyi poyamba, lisanachinjirize wina aliyense. Msungicuma wanzeru sakana buku, amalipempha yekha.

Funso lina nali: kodi phindu lanu ndi zingati? Mwana wofulumira adzati K1,290, pakuti ndizo zili m'bokosi. Iyai. Nsawa zonse zagulitsidwa pa K1,600, kuphatikizapo thumba la nkhongole lija. Zimene zathera m'mundamo ndi mbeu, masaka ndi ngolo, ndiko kuti K360. Phindu ndi K1,240. Makasu sitinawacotsere cifukwa akalipo, ndi katundu wa kalasi, ngakhale kuti wolemba mabuku waluso angacotseko pang'ono kaamba ka kuperepeseka kwao. Tsopano yesani mbali ziwiri za Pacioli. Zimene muli nazo ndi izi: K1,290 m'bokosi, K400 kwa wankhongole, ndi makasu a K150, zonse ndi K1,840. Nanga zacokera kuti? K600 ndi ya makolo, imene muyenera kubweza, ndipo K1,240 ndi phindu lanu. Zonse ndi K1,840. Mbali ziwiri zalingana. Zikadapanda kulingana, mukadadziwa kuti penapace pali colakwa, ngakhale musanacipeze. Ogulitsa m'tuntemba ambiri amagwa cifukwa ca kusadziwa kanthu kameneka. Amaona bokosi lodzala madzulo, nayesa zonsezo ndi phindu, ndipo amadya mpamba osazindikira.

Dziko lathu linaphunzira zimenezi movutikira. Mu January 1965, patangopita miyezi itatu cilandirire ufulu, Pulezidenti Kaunda analankhula ku Chifubu mumzinda wa Ndola, napempha anthu kuti apange makopaletivu. Anthu anabvomera ndi mtima wonse, ndipo makopaletivu mazana ambiri analembetsedwa m'zaka zocepa. Boma linapereka nkhongole, mathirakitala, ndi ndalama za kuzula zitsa m'minda yatsopano. Koma pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ambiri a makopaletivu a ulimi aja anali atafa. Zifukwa zace zinali zingapo. Ena analowa cabe kaamba ka ndalama za zitsa. Mathirakitala anali kuonongeka popanda wowakonza. Koma cifukwa cina cacikulu cinali cakuti anthu odziwa kulemba mabuku a ndalama anali ocepa kwambiri m'midzi, pakuti boma la atsamunda linatisiyira anthu ophunzira owerengeka. Mamembala sanali kudziwa kuti gulu lao lili ndi nkhongole yotani, kapena kuti caka catha ndi phindu kapena ndi citayiko. Sitinena izi monyoza makolo athu. Iwo analibe mwai wa sukulu umene inu muli nao.

Komabe buku lotsekeredwa m'kabati ya munthu mmodzi silithandiza kweni-kweni. Pa mfundo iyi pali kafuku-fuku wochuka amene anacitika m'masukulu a pulaimale onga anu, m'dziko la Uganda. Boma la kumeneko linali kutumiza ndalama ku sukulu iliyonse molingana ndi ciwerengero ca ana, zogulira coko, mabuku ndi zina zotere. Ndalamazo zinali kudzera m'maofesi a maboma aang'ono. M'caka ca 1996 ofufuza anayendera masukulu 250, nayerekeza zimene likulu linatumiza ndi zimene masukulu analandira kuyambira 1991 kufikira 1995. Akatswiri awiri a za cuma, Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson, atawerengera anapeza kuti pa mashilingi 100 alionse amene anacoka kulikulu, amene anafika kusukulu anali 13 cabe. Masukulu ambiri sanalandire kanthu konse. Comvetsa cisoni koposa n'cakuti masukulu a m'midzi yosauka ndiwo anali kumanidwa kwambiri, pamene masukulu aakulu, a makolo opezako bwino ndi odziwa kufunsa, anali kulandirako.

Cifukwa ciani aphunzitsi aakulu sanadandaule? Ambiri sanali kudziwa kuti kuli ndalama zimene sukulu yao iyenera kulandira. Munthu sangafunse cinthu cimene sadziwa kuti ndi cace. Mabuku a kulikulu anali olembedwa bwino-bwino, koma eni ndalama sanali kuwaona.

Boma la Uganda litamva zimenezi linacita cinthu cosafuna ndalama zambiri. Linayamba kusindikiza m'manyuzipepala ndalama zimene latumiza ku boma lililonse laling'ono mwezi ndi mwezi, ndipo linalamula masukulu kuti azipacika pa bolodi, poonekera kwa onse, ndalama zimene alandira. Ofufuza atabwereranso anapeza kuti m'caka ca 2001 masukulu anali kulandira mashilingi opitirira 80 pa 100 alionse. Akatswiri ena amati kusinthaku sikunadze ndi manyuzipepala okha, pakuti m'zaka zomwezo boma linasinthanso zinthu zina m'kayendetsedwe ka maphunziro, ndipo akunena zoona. Koma Reinikka ndi Svensson anaonetsanso kuti masukulu okhala pafupi ndi malo ogulitsirapo nyuzipepala ndiwo anapindula kwambiri, ndi kuti aphunzitsi aakulu a masukulu amenewo anali kudziwa bwino malamulo a ndalamazo kuposa anzao a kutali. Inu a ku Zemba, kumene nyuzipepala siifika tsiku ndi tsiku, mfundo iyi muisunge. Cimene nyuzipepala inacita ku Uganda, kwanu cingacitidwe ndi wailesi, ndi foni ya m'manja, ndi pepala lomatidwa pa citseko ca ofesi ya sukulu.

Kafuku-fuku wonga yemweyo anacitikanso kuno kwathu m'caka ca 2002. Jishnu Das ndi anzace anafufuza masukulu 182 m'zigawo zinai, ndipo cigawo cathu ca Kum'mawa cinali cimodzi mwa izo. Anapeza kuti ndalama za mtundu umodzi, zimene lamulo linanena poyera kuti sukulu iliyonse ilandire zakuti, zinafika m'masukulu opitirira 90 pa 100 alionse. Koma ndalama za mtundu wina, zimene akulu a m'maofesi anali kugawa monga momwe aonera iwo eni, zinafika m'masukulu osakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai. Dziko ndi limodzi, maofesi ndi omwewo, anthu ndi omwewo. Cosiyana cinali cakuti pa ndalama zoyambazo mphunzitsi wamkulu aliyense anali kudziwa cimene ayenera kuyembekeza.

Wina angati, "Ngati ndi tero, tiziitana msonkhano wa mudzi wonse, mlembi aziwerenga buku, basi." Msonkhano ndi wabwino, koma nao uli ndi malire. Ku Indonesia, katswiri wina dzina lace Benjamin Olken anafufuza midzi 608 imene inapatsidwa ndalama zomangira miseu, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2007. Miseuyo itatha, anatuma mainjiniya kuti akumbe maenje pa mseu uliwonse, ayese miyala ndi mcenga zimene zinalowadi, ndi kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'mabuku. M'midzi imene anthu ambiri anaitanidwa kumisonkhano, ndalama zosowa sizinacepe kweni-kweni. Koma m'midzi imene inauzidwiratu kuti ofufuza mabuku a boma adzabwera ndithu, ndipo adzawerenga zopeza zao pamaso pa anthu, ndalama zosowa zinacepa ndi 8 pa 100 iliyonse. Cifukwa cace n'cosavuta kuciona. Anthu angakhale pansi pa mtengo tsiku lonse, kumvera manambala akuwerengedwa, n'kuomba m'manja, koma ngati palibe amene angaphatikize manambalawo ndi kupita kukaona ngati matumba a simenti olembedwawo alikodi, msonkhanowo wangodalitsa zimene zalembedwa.

Ndiye cifukwa cace nkhani iyi tabwera nayo kwa inu aphunzitsi ndi ana a sukulu. M'midzi yambiri munthu amene angaphatikize manambala mofulumira ndi mphunzitsi, kapena mwana wa Giredi 6 ndi 7. Masamu a kuphatikiza ndi kucotsera amene mumacita m'mawa uliwonse ndiwo zida za wofufuza mabuku. Mwana asamadzudzule akulu pamsonkhano, umenewo si mwambo wathu. Koma angathe kukhala pambali pa amai ace madzulo, kuwawerengera lisiti la kopaletivu, ndi kuwauza mwaulemu kuti, "Amai, apa alemba matumba asanu ndi limodzi, koma ife tinalandira asanu."

Makolo osadziwa kulemba nao apeza njira zao zanzeru. Timagulu tosunga ndalama timene tafala m'midzi ya m'cigawo cathu timatsata njira imene bungwe la CARE linayamba ndi amai a ku Niger mu 1991. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Silitsegulidwa pokhapo gulu lonse litasonkhana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza. M'makampani aakulu lamulo lace ndi lomweli: wobvomereza kuti ndalama zituluke akhale wina, wozitulutsa wina, wolemba m'buku winanso, ndipo pakutha pa caka pabwere munthu wakunja, wosakhala mbale wa aliyense wa iwo, kudzafufuza. Ngakhale Boma lili ndi wofufuza wace, amene pa Cingelezi amuchula Auditor General. Caka ndi caka iye amalemba lipoti la mmene maunduna agwiritsira nchito ndalama za dziko, ndipo komiti ya aphungu a Nyumba ya Malamulo imaitana akulu a maofesi kuti ayankhe.

Masiku ano ofufuza mabuku amathandizidwa ndi makompyuta, amene amasanthula malisiti zikwi-zikwi pa kanthawi kocepa. Imodzi mwa njira zao idzakondweretsa ana okonda masamu. Mu 1881 katswiri wa nyenyezi Simon Newcomb anazindikira, ndipo mu 1938 Frank Benford anatsimikiza atayesa manambala opitirira 20,000, kuti m'mindandanda yambiri ya zinthu zeni-zeni, monga ciwerengero ca anthu m'mizinda kapena ndalama za m'mabuku a malonda, manambala oyamba ndi 1 ndiwo amacuruka. Pa manambala 100, pafupi-fupi 30 amayamba ndi 1, pafupi-fupi 18 amayamba ndi 2, ndipo oyamba ndi 9 safika 5. Cifukwa cace ganizani za ndalama zimene zikukula. Kuti K100 ifike pa K200 iyenera kuwirikiza kawiri, cotero imakhalitsa pa manambala oyamba ndi 1. Koma kucoka pa K900 kufika pa K1,000 ndi kanthu kocepa. Munthu wopeka malisiti abodza sadziwa zimenezi. Amangosakaniza manambala monga momwe abwerera m'mutu, ndipo kompyuta imaona kuti mndandanda wace ndi wacilendo. Njira iyi siigwira mbala. Imangolozera wofufuza pamene ayenera kuyang'anitsitsa. Siigwiranso nchito pa kabuku kakang'ono konga ka munda wa sukulu, kapena pamene zinthu zonse zili ndi mtengo umodzi. Ndipo kompyuta, ngakhale ikhale yamphamvu cotani, ilibe cosanthula ngati pa tsiku lolipira mwini ngolo palibe analemba K60.

Nkhaniyi yakula m'zaka zaposacedwa cifukwa ndalama zofika m'madera athu zaculuka. Mu January 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ndipo m'malo mwace linaonjeza ndalama zimene limatumiza m'masukulu. M'caka comweco thumba la citukuko la dera la phungu aliyense, lochedwa CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Kumeneko ndi kumene kumacokera zipinda zatsopano zophunziriramo, madesiki, ndi thandizo la ana opita kusukulu zogonera komweko. Kale makolo anali kufunsa za ndalama za sukulu cifukwa zinali kucoka m'matumba mwao. Tsopano popeza salipira, n'kwapafupi kuganiza kuti ndalamazo ndi za Boma, zilibe mwini pamudzi. 

Tsono aphunzitsi, nchito imene tikusiyirani ndi iyi. Pezani kope limodzi latsopano, mulembe manambala pa masamba ace onse kuti tsamba lisadzang'ambidwe mobisa. Pa tsamba lililonse jambulani mizere ya tsiku, ya cimene cacitika, ya ndalama zolowa, ya zotuluka, ndi ya zotsala. Lembani ndi bolopeni. Mukalakwa musafute, dulani ndi mzere umodzi kuti colakwaco cionekebe, ndipo musaine pambali. Ndalama ikatuluka popanda lisiti, monga zicitikira pogula kumudzi, wolandirayo asaine kapena adinde cala. Ngati sukulu ilibe munda, yambani ndi ndalama za timu ya mpira kapena za kwaya, ngakhale zikhale K20. Aphunzitsi aakulu tikuwapempha kuti ndalama za Boma zikafika, azilemba papepala tsiku ndi kuculuka kwace, napacike pamene makolo angaone.

Pa Cisanu ciliconse ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, awerenge ndalama za m'bokosi mokweza pamaso pa kalasi, pamene wacitatu akuphatikiza za m'buku pa bolodi. Mlungu wotsatira asankhidwe ena, kuti pakutha pa temu mwana aliyense akhale atagwirako bukulo. Za m'bokosi ndi za pa bolodi zikasiyana, ngakhale ndi 50 ngwee, bokosi lisatsekedwe kufikira kalasi litapeza kumene ngweezo zinapita.